Kesi ya kompyuta ya Corsair 4000D Airflow yafika, nayi momwe ilili mkati, koma mafani ndiike bwanji ndi fumbi lakunoli?

Kabaza_Gamer25 analemba:

Moni nonse muno. Papita miyezi ngati isanu ndikutolera zida zomangira kompyuta pang'onopang'ono, mwezi uno motherboard (bolodi lalikulu pomwe zida zonse zimalumikizidwa), mwezi winawo RAM (memori), choncho choncho, ndipo kesi, nyumba ya zida zonsezi, ndinaisiya kumapeto chifukwa ndinkangoiona ngati bokosi loikamo katundu basi. Maganizo amenewo anasintha chaka chatha mu Okutobala. Kesi yomwe ndinali nayo inali ija yotchipa ya galasi kutsogolo ndi mafani atatu amagetsi owala, yokongola ndithu ukaiona usiku, koma mafaniwo anali atakanikizidwa pagalasi, mpweya umalowa pa timipata ting'onoting'ono tam'mbali, nde ukasewera ola limodzi masana GPU (khadi la zithunzi loyendetsa magemu) imafika m'ma 80 digiri ndipo phokoso lake kukhala ngati kuchigayo. Ndikachotsa chitseko cham'mbali zimatsika nthawi yomweyo, apo ndi pomwe ndinadziwa kuti vuto si GPU koma bokosilo.

Nde achimwene anga aku Joni andigulira kesi ya Corsair 4000D Airflow yakuda, yafika Loweruka pa basi, anaikulunga m'bulangete pamwamba pa katoni yake ndipo galasi lafika bwinobwino. Zomwe ndaikamo ndi CPU (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B550 ya ATX, RAM 16GB, GPU ya RTX 3060 ya 12GB yomwe ndinagula kwa mnzanga, PSU (bokosi logawa magetsi) ya 650W, SSD imodzi ya NVMe (chosungira mafayilo chachangu) ndi hard disk yakale ya 2TB momwe muli magemu ndi zithunzi za kunyumba.

Ndifotokoze kaye zamkati, mwina wina akuganiza zoitanitsa yomweyi. Kutsogolo kuli chitsulo chobooledwa timabowo ta makona atatu, ukachikoka chimangochoka osafuna sikuludilaiva, ndipo kuseri kwake kuli sefa ya fumbi yomwenso imachoka mosavuta. Pamwamba pali sefa ina ya maginito yongoyala, ndipo pansi pa malo a PSU pali yachitatu yokoka ngati dilowa. Mafani amabwera awiri okha a 120mm, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, opanda magetsi owala. Koma malo alipo ambiri, kutsogolo kumakwana atatu a 120mm kapena awiri a 140mm, pamwamba awiri, kumbuyo imodzi. Amene amakonda kuziziritsa ndi madzi, radiator ya 360mm imalowa kutsogolo.

Malo a GPU ndi 360mm, 3060 yanga ikuoneka ngati kamwana mmenemo, ndipo kula (cooler, choziziritsira) ya CPU ikhoza kutalika mpaka 170mm. Pano ndikadagwiritsa kakula komwe kanabwera ndi 5600 koma ndikufuna yayikulu yoimirira ija ya tower ndalama zikapezeka. Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi kuseri kwa motherboard. Kuli mpata wa 25mm komanso kanjira kapulasitiki kodutsitsamo mawaya akuluakulu ndi malamba omata, nde waya wamagetsi wa 24-pin uja wokakala unangogona momwemo, chitseko chinatsekeka popanda kuchigonera ndi bondo ngati kesi yanga yakale. Kumbali ya galasi kuli kachitsulo koimirira kobisa pomwe mawaya amatulukira, ukayang'ana umangoona motherboard ndi GPU. Ma standoff (timizati tomangirapo motherboard) anali omangidwa kale, kapakati kali ndi kamutu kogwira motherboard kuti isamaterereke pomwe ukumanga masikuluu, kanthu kakang'ono koma kwa munthu amene akumanga yekha popanda womugwirira kamathandiza zedi. Pansi pali chophimba PSU, mkati mwake muli kakabati ka ma hard disk awiri a 3.5, ndipo kuseri kuli malo a ma SSD awiri a 2.5.

Zomwe sizinandikomere ndi ziwiri. Pamwamba kutsogolo pali USB wamba imodzi yokha, USB-C imodzi ndi bowo limodzi la mahedifoni, nde ndikalumikiza pad ya magemu, fulashi ilibe polowa. Chachiwiri kakabati ka hard disk kali pafupi ndi PSU, mawaya otsala ndinachita kuwapinda kuti akwane.

Mafunso anga ndi awa. Ndikufuna kugula mafani ena atatu, ndiwaike pati? Mnzanga akuti awiri pamwamba otulutsa mpweya chifukwa mpweya wotentha umakwera. Komanso ndawerenga ena akuti sefa yakutsogolo uichotse kuti mpweya uzilowa wambiri, kodi zimenezi zingatheke kuno? Ndimakhala ku Area 25, msewu wakwathu ndi wafumbi, galimoto ikadutsa mu Seputembala fumbi limalowa mpaka kuchipinda. Nanga kesiyi ndiike pansi kapena patebulo, popeza ndi yayikulu ndithu ndipo tebulo langa ndi laling'ono? Pomaliza USB-C yakutsogolo ija sikugwira, waya wake sindinapeze pomulowetsa pa motherboard. Thandizeni akuluakulu.

Fundi_wa_ku_Limbe anayankha:

Aphwanga mwagula chinthu chabwino, ndipo zomwe munaona pa kesi yakale ija ndi zomwe ndimauza anyamata tsiku ndi tsiku kuno ku shopu koma ambiri samva mpaka atapsa chala. Akabwera amafuna yowala ngati disiko, ukawafunsa kuti mpweya ulowera pati amangokuyang'ana.

Ndiyambe ndi sefa chifukwa apa ndi pomwe ndingakuletseni mwamphamvu. Musachotse. Amene amalemba kuti chotsani ambiri amakhala m'nyumba zotseka mawindo, misewu ya tala mpaka pakhomo, ndipo n'zoona sefa imachepetsako mpweya, mwina mungapindule madigiri angapo mukaichotsa. Koma kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala kapena Disembala fumbi ndi chakudya cha tsiku lililonse, kuphatikiza phulusa la tchire lomwe anthu amawotcha nthawi yomweyo. Makina amene ndimatsegula ine mumapeza heatsink (zitsulo zotaya kutentha) ya GPU yatsekeka ngati yavekedwa bulangete, fumbi lofiira lagwirana ndi ubweya, ndipo mvula ikayamba chinyezi chikalowamo limauma ngati dothi, bulashi yokha silichotsa. Nde madigiri atatu omwe mwapindula lero mudzabweza khumi pakatha miyezi itatu. Sefa yakutsogoloyo muziichotsa sabata iliyonse nyengo ino, kuikung'untha panja, ikada kwambiri muitsuke ndi madzi koma iume gwaa musanaibwezere. Yapansi ya PSU anthu amaiiwala chifukwa saiona, imeneyo muziikoka kamodzi pamwezi.

Tsopano za mafani. Mnzanuyo sakunama kuti mpweya wotentha umakwera, koma mphamvu imeneyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi fani, mkati mwa kesi mpweya umapita komwe fani yaukankhira. Vuto la maganizo akewo ndi ili: mukaika awiri pamwamba otulutsa, kuphatikiza yakumbuyo, ndiye kuti atatu akutulutsa pomwe olowetsa ndi ochepa. Mpweya wosowawo kesi iupeza kwina, iyamba kukoka kudzera m'mabowo onse opanda sefa, kumbuyo pa ma slot a PCIe (mipata yotulukira makadi ngati GPU), m'mipata ya zitseko, paliponse, ndipo fumbi lilowera momwemo. Chomwe mukufuna inu ndi chakuti olowetsa achuluke kuposa otulutsa, azungu amati positive pressure, kuti mpweya wonse wolowa udutse pa sefa ndipo m'mabowo enawo uzituluka m'malo molowa.

Ndikanakhala ine ndikanachita chonchi: atatu atsopanowo onse kutsogolo olowetsa, yakumbuyo isiyeni momwe ilili, ndipo ija inali kutsogolo muiike pamwamba chakumbuyo, pamwamba pa CPU, izitulutsa. Atatu kulowa, awiri kutuluka. Malo apamwamba chakutsogolo asiyeni opanda fani, mukaikapo yotulutsa imangoba mpweya wozizira womwe wangolowa kumene usanafike pa kula ya CPU. Ndipo onetsetsani mbali, anthu ambiri amatembenuza, mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timiyendo togwira mota ndi stika, mafani ena ali ndi kamuvi m'mbali. Fani yapansi kutsogolo ndi yofunika kwambiri kwa inu chifukwa ndiyo ikuyang'anizana ndi GPU, 3060 imadya pafupifupi 170W pomwe 5600 ndi ya 65W, nde ng'anjo yeniyeni m'bokosi lanumo ndi GPU.

Pansi musaike. Fumbi lolemera limakhala pansi, ndipo mukamasesa lonse limathera mu kesi, mukamakolopa madzi amathovukira pomwepo. Ngati tebulo ndi laling'ono pitani kwa kalipentala akukhomereni kabenchi kofika m'mawondo, matabwa otsala amakwana. Musaikankhire kukhoma, siyani mpata ngati chikhatho chimodzi ndi theka kumbuyo. PSU fani yake iyang'ane pansi pomwe pali sefa, bola pansipo pakhale pouma ndi posalala, osati pa kapeti kapena pa mkeka.

Nkhani ina yomwe simunafunse koma ndiinene: mphemvu. Zimakonda PSU chifukwa ndi mofunda komanso mwamdima, ndipo ndaonapo ma PSU angapo atapsa chifukwa cha zimenezi. Musamadyere pafupi ndi makina, ndipo ma slot akumbuyo omwe simukugwiritsa ntchito akhale otseka ndi tizitsulo take. Ndipo galasilo, chonde, mukalichotsa muziliika pabedi. Tempered glass ikagunda kona pa matailosi kapena pa simenti imaphulika yonse kukhala ngati mchere, ndinaswapo la kasitomala ndili wophunzira ntchito ndipo ndinalipira ndi malipiro a mwezi wathunthu.

Chemwali_Randburg anayankha:

A Fundi anena zambiri zoona koma pa mafani atatu a 120mm ine ndisiyana nawo pang'ono. Achimwene, ngati simunagule kale ganizirani awiri a 140mm kutsogolo m'malo mwa atatu a 120mm. Fani yayikulu imakankha mpweya womwewo ikuzungulira pang'onopang'ono, nde phokoso limachepa, ndipo ngati kompyuta ili kuchipinda komwe mumagona ndipo mumasiya ikudawuniloda usiku bundle yausiku ikalowa, nkhani ya phokoso si yaing'ono. Mukatero awiri a Corsair aja onse akhala otulutsa, kumbuyo ndi pamwamba, ndipo a 140mm awiri amawaposabe mphamvu, positive pressure ija ikhalapobe. Mugula mafani awiri m'malo mwa atatu, yotsalayo muyambe kusungira kula.

Ine ndimagwiritsa Lian Li Lancool 216, imabwera ndi mafani awiri akuluakulu a 160mm kutsogolo ndi imodzi ya 140mm kumbuyo, sindinagule fani ina iliyonse ndipo ndi chifukwa chake ndinaisankha, chifukwa ukawerengera bwino kesi yobwera ndi mafani awiri okha mtengo wake weniweni ndi kesi kuphatikiza mafani omwe udzagule. GPU imalowa mpaka 392mm, nde pamalo imaposa 4000D. Koma ndinene chilungamo, sefa yakutsogolo pa 216 yangayi imagulidwa payokha, ukangoitulutsa m'katoni kutsogolo kuli mesh (chitsulo cha timabowo) yokha. Kuno ku Joni nyengo yozizira kumauma ndipo fumbi liliponso, koma ndimakhala pa fulati yam'mwamba nde ndimapirira, ndimangopukuta mesh. Ndikanakhala kuti ndili kwathu ku Bangwe sindikanayerekeza popanda sefa. Nde kwa inu a ku Area 25 achimwene anu anasankha bwino, 4000D masefa onse atatu amabwera momwemo.

Kakabati ka hard disk kaja kamasuntha, kali ndi masikuluu pansi, mutha kukasendeza kapena kukachotseratu. Mukakachotsa PSU imapeza malo ambiri ndipo mawaya amapuma. Popeza muli ndi hard disk ya 3.5 simungakachotse panopa, koma tsiku lomwe mudzagule SSD yayikulu kachotseni, mpweya wapansi umayenda bwino ndipo phokoso la hard disk lija lonjenjemeretsa chitsulo limatha. Ndipo zithunzi za kunyumba zija musazisiye pa hard disk yakale yokha chonde, koperani kwina, yanga inafa tsiku limodzi popanda chenjezo ndi zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga.

Pa kula, 170mm ndi malo okwanira pafupifupi chilichonse. DeepCool AK400 ndi 155mm ndipo pa 5600 ndi yokwana bwino, ngakhale Noctua NH-D15 chimphona chija ndi 165mm chimalowa. Zamadzi ine sindingakulimbikitseni, pampu ikafa kumudzi mudzadikira miyezi kuti ina ibwere, pomwe kula wamba chomwe chingafe ndi fani yokha ndipo mutha kumangirira ina iliyonse ya 120mm tsiku lomwelo.

Ras_Chibavi anayankha:

Aise za USB-C usavutike mtima, kesi ilibe vuto. Waya umenewo umafuna header yakeyake pa motherboard, kabowo kakang'ono kokhala ngati kabokosi kachitsulo, ena amalemba Type-E, nthawi zambiri kamakhala pafupi ndi 24-pin. Ma B550 ambiri otsika mtengo alibe, nde yang'ana m'buku la motherboard yako, ngati mulibe ndiye mulibe basi. Pali ma adapter otembenuza header ya USB 3.0 ija ya mapini 19 kukhala Type-E, koma ngati board yako ili ndi header imodzi yokha ndiye kuti uzimitsa USB wamba ija kuti uyatse USB-C, palibe chomwe wapindula. Ine ndinangogula ka hub ka mabowo anayi a USB ndikulumikiza kumbuyo, kamakhala patebulo, pad, fulashi ndi foni zonse pomwepo.

China, mafani awiri obwera ndi 4000D ndi a mapini atatu, nde lowa mu BIOS (masetini a motherboard) pa header yomwe wawalumikiza usinthe ikhale DC osati PWM (izi ndi njira ziwiri zowongolera liwiro la fani), apo ayi azingothamanga liwiro lonse nthawi zonse. Atsopanowo gula a PWM a mapini anayi. Arctic P12 PWM PST ndi abwino pa mtengo wake ndipo amalumikizana okhaokha ngati tcheni, atatu onse pa header imodzi, palinso P14 ngati utsatire maganizo a chemwali aja a 140mm. Ingowerenga ma header pa board yako usanaitanitse.

Uona kumbuyo kuli ma slot awiri oimirira oti GPU iziyang'ana kugalasi. Usatengeke nazo mani. Pamalo pamenepo mafani a GPU amakhala pafupi kwambiri ndi galasi, amasowa popumira, ubwerera ku mavuto omwe unathawa aja, komanso riser cable yake (waya wolumikiza GPU ku motherboard) ndi yogula padera. Isiye chogona.

Ndipo a Fundi aiwala chimodzi, magetsi. Kesi yabwino siteteza kalikonse magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Pezako surge protector yeniyeni osati extension wamba yamumsika, ndipo akathima zula pulagi kukhoma mpaka abwere ndi kukhazikika. Kuno ku Mzuzu kutentha si nkhani kwenikweni, chathu ndi chinyezi, koma za magetsi tonse ndi amodzi.

Fundi_wa_ku_Limbe anayankha:

Achemwali a ku Randburg sindikutsutsani, awiri a 140mm ndi nzeru ndithu makamaka pa phokoso. Chomwe ndimakondera atatu a 120mm n'chakuti amadzaza kutsogolo konse kuyambira pamwamba mpaka pansi, komanso imodzi ikafa 120mm imapezeka paliponse kuno ngakhale m'makina akale a m'maofesi, pomwe 140mm mpaka uitanitse. Koma onse awiri agwira ntchito, asankhe malinga ndi thumba. Akasankha 140mm awatsitse pang'ono pa njanji zomangira zija kuti yapansiyo iuzire pansi pa GPU.

Ndiwonjezere za kuyeretsa mkati popeza mudzafika pamenepo. Zimitsani, zulani pulagi, tulutsani panja pakhonde. Bulowa ya magetsi ija ya m'mashopu a makompyuta ndi yabwino, koma gwirani fani iliyonse ndi chala isazungulire pomwe mukuuzira, ikazungulira mopyola muyezo bearing imawonongeka. Kompresa ya pamalo opopera matayala ayi, imalavula madzi ndi mafuta. Ndi masefa anuwo mukamawasamala, mkati muzingoyeretsa kawiri pachaka, kamodzi Okutobala asanafike ndi kamodzi mvula ikatha.

Kabaza_Gamer25 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, a Fundi, achemwali, ndi iwe Ras. Ndayang'ana m'buku la motherboard, header ya USB-C mulibedi, nde waya uja ndaupinda bwinobwino ndikuumangirira kuseri mpaka tsiku lomwe ndidzasinthe board, ndipo hub ndigula mawa mtauni. Mu BIOS ndapezadi kuti ma header anali pa PWM, nditasintha kuika DC phokoso latsika moti poyamba ndinasuzumira kuti ndione ngati mafani akuzungulirabe.

Dzulo masana ndasewera maola awiri ndi mafani awiri okhawo, chitseko chotseka, sefa ili momwemo, GPU sinapyole m'ma 70 digiri oyambirira, pomwe m'bokosi lakale lija nthawi ngati yomweyo inali kale m'ma 80. Nditachotsa sefa yakutsogolo kuti ndione, masiku asanu okha chiikireni, chala chinabwerako chofiira, nde nkhani yoichotsa ija yatha yokha.

Ndasankha atatu a 120mm chifukwa cha mfundo ya a Fundi yoti imodzi ikafa ndipeza ina konkuno, achemwali mundikhululukire. Ndawauza achimwene atumize ma P12 ndi munthu yemwe akubwera kumapeto kwa mwezi. Kalipentala wa pafupi ndi kwathu wayeza kale kesiyo, akuti kabenchi katha Lachinayi, panopa ndayamba ndaikweza pa mpando wa pabalaza ndipo amayi afunsa kale kawiri kuti mpando wawo ubwera liti. Zithunzi zija ndayamba kukopera usiku watha. Mafani akafika ndibweranso ndi manambala atsopano, komanso ndifunsa za fan curve (kachunidwe ka liwiro la mafani malinga ndi kutentha) chifukwa tchati cha mu BIOS chija sindinachimvetse bwino.